KASAMALIDWE KA GALIMOTO YATSOPANO PA BOMA LA NENO: SOPO UTI, PHULA LITI?

Wolemba Mtolankhani Wathu

Pa Boma la Neno galimoto yatsopano sibisika. Ikangoima pabwalo la maofesi kapena pachipata cha sukulu, anthu amaizungulira, ena kusuzumira pagalasi, ena kuisisita ndi chikhatho, ndipo mwini wake amalandira moni woposa wa masiku onse. Kawirikawiri mwiniyo amakhala mphunzitsi wamkulu, namwino, mlangizi wa zaulimi kapena kalaliki amene wakhala akusunga ndalama zaka zambiri, ndipo zotsalazo wachita kukongola. Loweruka likafika amaitana mnyamata, nampatsa ndowa ya madzi, sopo waufa wodzaza dzanja ndi malaya akale ong'ambika, namuuza kuti atsuke mpaka iwale. Ndipo imawaladi tsiku limenelo. Koma pakatha chaka chimodzi utoto uja umaoneka wofiira maso, wodzala timizere tozungulira ngati ulusi wa kangaude, ndipo mwini wake amayamba kudandaula kuti adamugulitsa galimoto yoipa.

Nkhani imeneyi ingaoneke yaing'ono kwa ena, koma kwa munthu wa malipiro a pamwezi ndi nkhani ya chuma. Kupatula nyumba, galimoto ndicho chinthu cha mtengo wapatali kopambana chimene wantchito wa Boma angagule pa moyo wake, ndipo tsiku limene adzafune kuigulitsa, wogula adzayamba wayang'ana utoto ndi kunsi kwake asadamve n'komwe kulira kwa injini. N'chifukwa chake tafuna kuti tiikepo mawu, pothandiza owerenga athu amene angogula kumene kapena ali m'kati molingalira.

CHIMENE NENO IMACHITA NDI UTOTO

Boma la Neno lidapatulidwa kuchokera ku Mwanza m'chaka cha 2003, ndipo pa kalembera wa 2018 mudapezeka anthu opitirira 138,000. Kuyambira pamenepo antchito a Boma achuluka, chipatala chakula, makamaka chiyambire bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo kugwira ntchito kuno mu 2007, ndipo magalimoto nawonso achuluka. Komabe misewu yambiri ya m'bomali ndi yafumbi, ndipo aliyense akudziwa kuti anthu a kuno akhala zaka zambiri akupempha msewu wa tala. Amene amagwira ntchito kuno amayenda m'maiko awiri tsiku limodzi: kumtunda kwa Dambe ndi Nsambe, m'mapiri a Kirk Range, kumene kuli nkhungu, mame ndi chinyezi, ndi kumunsi kwa Lisungwi ndi Zalewa, kufupi ndi Shire, kumene dzuwa la Okutobala limaotcha chitsulo mpaka munthu kulephera kuikapo dzanja.

Nyengo iliyonse ili ndi mdani wake. Kuyambira Meyi mpaka Okutobala mdani ndi fumbi. Fumbi la mumsewu limaoneka lofewa ngati ufa, koma m'kati mwake muli timiyala ta mchenga tolimba koposa utoto, koposa ngakhale galasi la wamba. Munthu akatenga nsanza youma n'kupukuta galimoto yafumbi, akuchita chimodzimodzi ndi mmisiri wa matabwa amene akupala thabwa ndi pepala la mchenga. Mvula ikagwa, kuyambira Novembala mpaka Epulo, mdani amasanduka matope. Walira mvula walira matope, adatero akuluakulu. Matope amenewa amamatirira m'mamudigadi ndi m'ngodya za kunsi, nasunga chinyezi masabata ambiri, ndipo m'menemo ndimo dzimbiri limayambira. Mdani wachitatu ndi dzuwa, limene limafooketsa utoto pang'onopang'ono, kusandutsa nyali za kutsogolo zachikasu ndi kung'amba pulasitiki ya m'kati. Wachinayi ali pamthunzi pamene timathawirapo: zitosi za mbalame ndi utomoni wa mitengo, zimene zikauma padzuwa zimadya utoto n'kusiya chipsera chosachoka ndi madzi.

UTOTO NDI WOPYAPYALA NGATI PEPALA

Kuti timvetse chifukwa chake kusankha sopo kuli nkhani, tiyenera kudziwa mmene utoto wa galimoto za masiku ano udapangidwira. Pamwamba pa chitsulo pali utoto woyamba woteteza ku dzimbiri. Pamwamba pake pali utoto wa mtundu, wofiira kapena woyera kapena wotuwa. Ndipo pamwamba penipeni pali khungu loonekera ngati galasi, limene amisiri amalitcha clear coat. Kapangidwe kameneka kadafala m'zaka za m'ma 1980, ndipo pafupifupi galimoto zonse zimene zikulowa m'dziko muno tsopano zili nako. Zonsezi pamodzi kuchindikala kwake ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a milimita, kunena kwake ngati tsamba limodzi la m'kope la mwana wa sukulu, ndipo khungu la pamwambalo silifika ngakhale theka la tsambalo. Kuwala konse kumene anthu amasirira kuli m'khungu limeneli. Likangotha, palibe mankhwala a m'botolo amene angalibwezere. Chotsala ndi kupita kwa openta, ndipo mtengo wake aliyense amene adafunsapo akuudziwa.

Tiyeneranso kunena zoona pa mawu akuti "yatsopano." Galimoto zambiri zimene timazitcha zatsopano kuno zidayendapo kale ku Japan, ndipo zimafika pa sitima ya pamadzi ku Dar es Salaam, ku Durban kapena ku Beira, n'kulowa m'dziko pa Songwe, pa Dedza kapena pa Mwanza. Ndi zatsopano kwa ife, koma utoto wake udaonapo kale dzuwa, mphepo ya mchere ya padoko ndi ulendo wautali. Zina zimachokera kumpoto kwa Japan, kumene kumagwa chipale ndipo amathira mchere m'misewu, kotero kunsi kwake kumakhala kutayamba kale kudyeka. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Wogula wanzeru, asadaganize za phula, ayambe wagwada n'kuyang'ana kunsi ndi tochi, ndipo akapeza dzimbiri apite nayo kwa makaniko kuti alipale ndi kupakapo mankhwala oteteza.

SOPO WA ZOVALA NDI WA ZOVALA

Cholakwa chachikulu chimene chimachitika pa Neno, ndi m'maboma ena onse, ndicho kutsuka galimoto ndi sopo waufa wochapira zovala. Sopo ameneyu adapangidwa kuti achotse mafuta ndi thukuta m'nsalu, ndipo ali ndi soda wambiri. Aphunzitsi a sayansi akudziwa muyeso wa pH, umene madzi abwino amakhala pa 7. Madzi a sopo waufa amafika pa 10 kapena kupitirira. Mphamvu imeneyi imasungunula phula lonse loteteza utoto, imaumitsa mphira wa m'mphepete mwa magalasi, ndipo imachititsa pulasitiki yakuda kutuwa. Kuwonjezera apo, timibulu timene sitinasungunuke bwino timakanda utoto. Sopo wamadzi wotsukira mbale ndi wofatsako, koma nayenso ntchito yake ndi kuchotsa mafuta, choncho amachotsanso phula.

Choyenera kugula ndi sopo wamadzi wopangidwira galimoto, amene pabotolo pake pamalembedwa kuti car shampoo, ndipo wabwino amalembedwanso kuti pH neutral. Amapezeka m'masitolo akuluakulu, m'masitolo a zipangizo za galimoto ndi m'malo ena omwetsera mafuta ku Blantyre ndi ku Limbe. Botolo limaoneka lokwera mtengo poyerekeza ndi paketi ya sopo waufa, koma muyeso wake ndi kachivindikiro kamodzi kapena tiwiri pa ndowa yathunthu, motero botolo limodzi limatha miyezi yambiri. Amene alibe sopo ameneyu tsiku limenelo achita bwino kutsuka ndi madzi okha ochuluka kusiyana ndi kubwereka sopo wa amayi kubafa.

Nsalu nayo ndi nkhani. Malaya akale ali ndi mabatani ndi misoko, ndipo thonje lake limakoka mchenga pamwamba pa utoto. Nsalu zofewa zotchedwa microfibre zimameza fumbi m'kati mwa ubweya wake, ndipo zitatu n'zokwanira: ina yotsukira, ina yopukutira, ina ya phula. Nsalu imene yagwa pansi isabwerere pagalimoto isanachapidwe, ndipo ya matayala ikhale yakeyake.

Katsukidwe kake n'kosavuta, ndipo mnyamata aliyense angaphunzire tsiku limodzi ngati bwana wake ali ndi mtima womuonetsa. Galimoto iime pamthunzi, chitsulo chitazizira, m'mamawa kapena madzulo. Ayambe kuithira madzi ambiri osaikhudza, kuti fumbi ndi matope zitsike zokha. Kenaka akhale ndi ndowa ziwiri, ina ya thovu, ina ya madzi oyera otsukuluzira nsalu nthawi iliyonse asadaiviikenso m'thovu, kuti mchenga utsale pansi pa ndowa yachiwiri. Ayambire padenga kutsika m'munsi, pakuti kumunsi ndiko kuli mchenga wambiri. Pomaliza apukute madzi asadaume okha, makamaka ngati ndi a pamjigo, chifukwa madzi a m'mijigo ina ali ndi mchere ndi laimu zimene zimasiya madontho oyera ovuta kuchotsa. M'nyengo ya mvula asaiwale kuthira madzi m'mamudigadi ndi kunsi konse. Kunsi sikuoneka, koma ndiko kumapha galimoto za kuno.

POLISHI NDI PHULA N'ZOSIYANA

Safunsa adadya phula. Mwambi umenewu ukugwira bwino ntchito pashelefu ya sitolo, pamene pali mabotolo ndi zitini zambirimbiri zofanana maonekedwe. Kuno zonse timangoti polishi, koma zili m'magulu awiri osiyana ntchito. Chimene chalembedwa kuti polish kapena compound chili ndi timibulu topala. Chimawalitsa mwa kusenda pang'ono khungu la pamwamba lija kuti mizere isaoneke. Ndi mankhwala a utoto wodwala, ndipo kupaka kulikonse kumachepetsa khungulo. Munthu amene amapaka zimenezi mwezi ndi mwezi pagalimoto yatsopano akufupikitsa yekha moyo wa utoto wake. Chimene chalembedwa kuti wax kapena sealant sichipala kanthu. Chimaika kansalu kopyapyala pamwamba, kuti dzuwa, madzi ndi zitosi zikumane ndi iko m'malo mwa utoto. Galimoto yatsopano imafuna chachiwirichi.

Phula lotchuka kopambana ndi la carnauba, limene limachokera ku masamba a mtengo wina wa mtundu wa mgwalangwa womera kumpoto chakum'mawa kwa dziko la Brazil. Mtengowo umadzikuta phula kuti usaume m'chilala, ndipo anthu amadula masamba, kuwaumitsa ndi kukutumula phulalo. Limasungunuka pa madigiri 82 mpaka 86, pamene phula la njuchi limene tikulidziwa kwathu kuno limasungunuka pa madigiri 62 mpaka 64. Kusiyana kumeneku n'kofunika, pakuti boneti ya galimoto yakuda yoima padzuwa la ku Zalewa itha kufika madigiri 70. N'chifukwa chake phula la njuchi, kandulo, polishi wa nsapato ndi polishi wa pansi m'nyumba, zimene ena amayesa, zimangofewa, kumata fumbi ndi kusiya mabala. Malonda a phula la galimoto ndi akale ndithu: kampani ya Simoniz idayamba mu 1910, ndipo imene lero ikutchedwa Turtle Wax idayamba ku Chicago mu 1941.

Phula la carnauba limawala mokongola, koma m'dzuwa ngati lathu silikhalitsa. Pakatha mwezi umodzi kapena iwiri limakhala litatha. Phula lopangidwa m'fakitale, la sealant, limapirira kutentha ndipo limatha kukhala miyezi inayi mpaka isanu ndi umodzi. Palinso mankhwala atsopano otchedwa ceramic coating, amene amauma n'kulimba ndipo amakhala zaka, koma ndi okwera mtengo kwambiri, amafuna mmisiri wodziwa ndi chipinda chopanda fumbi, ndipo saletsa miyala ya mumsewu kugamphula utoto. Kwa munthu wa pa Neno amene amayenda m'fumbi tsiku ndi tsiku, maganizo athu ndi akuti sealant ndiye woyenera: kupaka mvula isanayambe, kupakanso itatha, ndi kamodzi pakati pa chilimwe. Kuyesa ngati phula likadalipo n'kwapafupi. Thirani madzi pang'ono paboneti yoyera. Akachita timibulu tozungulira n'kugubuduka, phula lilipo. Akayala ngati pa mbale, latha.

Popaka, galimoto ikhale yotsukidwa ndi youma bwino, pamthunzi. Apake pang'ono kwambiri, gawo limodzi pa nthawi, adikire kuti pachite mbuu, ndipo apukute ndi nsalu yofewa. Kuchulutsa sikuwonjezera chitetezo, kumangotayitsa ndalama ndi mphamvu. Phula lisakhudze pulasitiki yakuda, pakuti limasiya zoyera, ndipo lisapakidwe pagalasi la kutsogolo. Utoto wa kufakitale udaotchedwa kale mu uvuni, choncho galimoto yongofika kumene ingapakidwe phula sabata yomweyo. Koma ngati chitseko kapena bampala yapentedwa kuno, adikire mwezi umodzi kufikira itatu kuti utoto uume mpaka m'kati, ndipo afunse wopentayo.

ZAZING'ONO ZIMENE ZIMAVULAZA

Pali zizolowezi zina zimene zimaposa kuwononga utoto. Mankhwala owalitsa pulasitiki ya m'kati amaterera. Akapakidwa pa chiwongolero kapena pa zopondera za buleki, dzanja kapena phazi litha kupulumuka pa nthawi yoipa, ndipo amene adatsikapo mapiri a ku Dambe m'matope akudziwa tanthauzo lake. Akapakidwa pamwamba pa dashibodi amanyezimira pagalasi n'kuthobwa m'maso. Nsalu yonyowa pang'ono ndi yokwanira, pamodzi ndi chotchinga dzuwa pagalasi galimoto ikaima. Mankhwala odetsa matayala apakidwe m'mbali mokha, osati pamene tayala limaponda. Palafini amachotsadi tala wa mumsewu, koma agwiritsidwe ntchito pamalo okhawo, pang'ono, ndipo pamalopo patsukidwe ndi kupakidwanso phula. Petulo asayandikire utoto konse. Zitosi za mbalame zichotsedwe tsiku lomwelo: ikanipo nsalu yonyowa kwa mphindi zingapo kuti zifewe, kenaka nyamulani osakhula, pakuti m'zitosi mumakhala mchenga.

Tinenepo za kumtsinje. Ndi chizolowezi kuona galimoto itaimikidwa m'madzi a Lisungwi kapena Wamkulumadzi, kapena m'timitsinje tating'ono, anyamata akuitsuka. Madzi a mumtsinje ali ndi mchenga umene umakanda utoto, ndipo amalowa m'mabuleki ndi m'malo ena osafuna madzi. Choipa koposa n'chakuti oilo, girisi ndi sopo zimatsikira kwa amayi amene akutunga kumunsi ndi ng'ombe zimene zikumwa. Dziko lino lili ndi lamulo la za madzi la 2013 ndi lamulo loteteza chilengedwe la 2017, ndipo onse awiri amaletsa kuipitsa madzi. Wantchito wa Boma ndi mphunzitsi ndiwo ayenera kukhala oyamba kuonetsa chitsanzo. Kutunga ndowa zinayi n'kutsukira paudzu, kutali ndi mtsinje ndi mjigo, si ntchito yolemetsa.

NDALAMA ZA MUNTHU NDI ZA DZIKO

Pafupifupi mankhwala onsewa amachokera kunja, ambiri ku South Africa, ndipo amagulidwa ndi ndalama zakunja zimene dziko likuzisowa. Kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mitengo ya katundu wakunja idakwera motsatira. Choncho sitikulangiza munthu kudzaza buti ndi mabotolo. Zofunika ndi zinayi zokha: sopo wa galimoto, phula limodzi, nsalu zofewa ndi ndowa ziwiri. Zina zonse ndi zokometsera. Pogula, yang'anani ngati chivindikiro chidakali chomata, ngati pali dzina ndi malo a kampani, ndiponso malangizo a kagwiritsidwe ntchito. Mankhwala othiridwa m'botolo la chakumwa opanda chizindikiro musawakhulupirire, ngakhale wogulitsa alumbire. Chilichonse chatsopano yesani kaye pamalo obisika, monga m'kati mwa chitseko. Antchito a ofesi imodzi kapena aphunzitsi a sukulu imodzi angathe kusonkherana n'kutuma mmodzi wopita ku Blantyre, pakuti chitini chimodzi cha phula chimakwanira galimoto zingapo.

Chitetezo chotsika mtengo koposa zonse ndi denga. Kakhumbi ka mitengo inayi ndi malata ochepa, kapena ngakhale udzu, kamateteza ku dzuwa, mame, zitosi ndi utomoni usana ndi usiku, ndipo sikatha pa miyezi itatu. Chinsalu chofunditsa galimoto n'chabwino pokhapokha galimotoyo ili yotsuka. Ikakhala yafumbi, mphepo imagwedeza chinsalucho n'kukhula utoto usiku wonse.

Zonse tanenazi zikukhudzanso galimoto za nambala ya MG. Ambulansi ya chipatala, galimoto ya ofesi ya maphunziro ndi njinga yamoto ya mlangizi zidagulidwa ndi msonkho wa mlimi wa manachesi ndi wa mbatata ya kachewere, kapena ndi mphatso ya maiko abwenzi. Matope akasiyidwa kunsi kwa ambulansi dzinja lonse, dzimbiri lidzaidya chimodzimodzi monga limadyera galimoto ya munthu, ndipo tsiku limene idzagone pabwalo, wovutika adzakhala mayi woyembekezera wa kumudzi. Akuluakulu a maofesi achita bwino kuonetsetsa kuti madalaivala ali ndi ndowa, nsalu ndi sopo woyenera, ndiponso kuti kutsuka kunsi kwalembedwa m'ndandanda ya ntchito za sabata.

Tsono kwa inu amene mwangolandira makiyi, tikuti muyende bwino. Loweruka likudzali, mnyamata asadatenge paketi ya sopo waufa, tulukani muimirire naye pamthunzi, mumupatse ndowa yachiwiri, ndipo mumuonetse poyambira.